Mlongo wa Thimo

Ndinabadwira m'dziko la Ajeremani, m'masiku amene eni nthaka ankamanga malinga amiyala pamwamba pa mapiri n'kumayang'anizana ngati atambala. Linga lathu linali m'mbali mwa mtsinje. Dzina la mtsinjewo ndinaliiwala, kapena mwina sanandiuze n'komwe. Chimene ndimakumbukira ndi zenera lopapatiza, lokwana nkhope imodzi, amayi atayima pamenepo, ine ndikuona msana wawo wokha.

Bambo anamwalira ndisanagweluke mano. Mlongo wanga Thimo, amene anali atayamba kale kumera ndevu, anakhala pampando wawo, ndipo kuyambira pamenepo amayi, ine, akavalo ndi minda, tonse tinakhala m'manja mwake. Sanali munthu woipa. Ankandinyamula paphewa n'kundizungulitsa pabwalo mpaka ndichite chizungulire. Ndi iye yemweyonso amene m'mawa wina anandinyamula n'kundikhazika m'ngolo yofunda chinsalu, n'kundiuza kuti ndikupita kwa mwamuna wanga.

Ngolo imeneyo ndinaikwera kangapo pa moyo wanga, ndipo m'mutu mwanga maulendo onsewo anasanduka ulendo umodzi. Chinsalu ankachimanga mbali zonse poopa mphepo ndi maso a anthu, motero njira sindinkaiona. Ndinkangoimva: matabwa a mlatho, matope, agalu a m'mudzi wina, belu lakutali, kenako chipata chikulira potseguka. Ndikatsika ndinkapeza linga lofanana ndi limene ndachokako, masitepe omwewo ozungulira, zenera lomwelo. Chimene chinkasintha ndi mayi woyima pachipata.

Woyamba anali a Wulfhild, a linga la m'nkhalango. Anandigwira manja, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti zalazo zigwira singano. Mwana wawo, amene ananditomera, anali atapita ku nkhondo ya mtanda, yolimbirana malo oyera a Akhristu, kutsidya la nyanja. Ine ndinayenera kukulira pakhomopo kuti akadzabwera adzapeze mkazi wodziwa kale kalankhulidwe ndi kadyedwe ka kwawo.

Kumeneko ndinaphunzira kusoka. Nyengo yachisanu ikafika, ine ndi a Wulfhild tinkakhala pafupi ndi moto kusokera mwamuna wanga malaya abafuta. Iwo ankatambasula manja kundisonyeza kukula kwa mapewa a mwana wawo, ndipo chaka chilichonse manjawo ankatalikirana pang'ono. Ndinaphunzira kupeta timbalame m'khosi mwa malaya, kubisa mfundo kuti isakwande khungu, ndi kuyankha funso lokhalo limene ndafunsidwa. Nkhope ya mwamunayo sindinkaidziwa. Ndinkamudziwa ndi malaya. Nthawi zina ndikatsala ndekha ndinkayala malaya atsopano pabedi n'kugona pambali pake, kuti ndione kuti ndimamulekeza pati. Ine ndinkakula, iyenso ankakula, sindinamupeze.

Tsiku lina kunabwera msilikali woduka mkono, wochokera ku nkhondo ija. Anati mwana wa a Wulfhild sanawoloke n'komwe nyanja. Malungo anamugwira padoko akudikira ngalawa, ndipo anamuika komweko, kale, ine ndisanafike pakhomopo. A Wulfhild anamupatsa chakudya munthuyo n'kulamula kuti amuperekeze msanga. Kenako anabwera pamene ndinali, n'kutola malaya amene ndinagwetsa.

"Pitiriza," anatero. "Mkono wakumanzere sunathe."

Ndinapitiriza. Chipale chofewa chinagwa, chinasungunuka, chinagwanso, ife tikusokabe. Koma mbiri imayenda ngakhale m'nkhalango, ndipo inakafika kwa Thimo. Panali dambo lina ndi chigayo cha madzi zimene zinkapita kulikonse kumene ine ndaperekedwa, ngakhale sindinazionepo ndi maso, ndipo Thimo sakanazisiya kwa munthu wakufa. Ngolo inabwera. A Wulfhild sanatuluke kudzanditsanzika. Ndikutsika masitepe ndinawamva akuitana wantchito wina kuti adzakhale pampando wanga, ulusi usazizire.

Kwathu ndinapeza pazenera lija payima mkazi wa Thimo, ali ndi pakati. Amayi anali atakwatitsidwa kwa mwini linga wina kum'mwera, ndipo palibe amene anaganiza zondiuza. Sindinawaonenso. Ndinakhala pakhomopo ngati mpando wowonjezera, woti aliyense akaudutsa amausuntha pang'ono. Thimo ankandiyang'ana pa chakudya ngati munthu woyesa kukumbukira pamene anasiya chinthu. Potsiriza anati ndipite kwa azakhali, a Richenza, amene anali mayi wamkulu wa masisitere pa nyumba ina pakati pa madambo.

Azakhali pachipata sanandiyang'ane manja. Anati nditsegule pakamwa ndiimbe liwu limodzi, ndiligwire mpaka mpweya uthe. Atamva anagwedeza mutu n'kutembenuka, ine ndikuwatsatira.

Masisitere onse a m'nyumbamo anali ana a eni malinga, ndipo m'tchalitchi ankakhala motsatira kukula kwa abambo awo, ngakhale abambowo anali atawola kale. Ndinaphunzira kuwerenga Chilatini ndi kuimba masalimo. Koma chimene ndinachikonda ndi njuchi. Kuseri kwa tchalitchi kunali ming'oma yoluka ndi udzu, itandandalikana pansi pa mpanda. Ndinaphunzira kuifukiza, kufula uchi, kusungunula phula, ndi kuviika chingwe m'phulamo mobwerezabwereza mpaka kandulo itanenepa. Nkhungu ya m'madambo inkabwera m'mawa n'kuphimba mpanda wonse, ndipo kwa kanthawi munthu ukanatha kuganiza kuti mpanda palibe. Manja anga ankanunkhira uchi ngakhale nditasamba. Palibe ankandisokeretsa malaya a munthu.

Ndiye tsiku lina ndinagwada kwa azakhali, ndinapempha kuti andidule tsitsi, ndichite malumbiro, ndikhale wa m'nyumbamo mpaka kufa.

"Tsitsi limenelo si lako," anatero. "Si langanso. Ndikalidula popanda mawu a mlongo wako, mawa lomwe asilikali ake ali pachipata. Iwe kuno anangokusungitsa."

"Nanga inu, azakhali, anakusungitsaninso?"

"Ine anandisungitsa n'kundiiwala. Pempherera zomwezo."

Ndinapemphera. Ena ankapempherera odwala, mvula, mizimu ya akufa. Ine ndinkapempha kuti mlongo wanga aiwale kuti ali ndi mlongo. Zaka zinadutsa mpaka ndinayamba kukhulupirira kuti ndamveka. Kenako m'mawa wina nkhungu itayamba kuchoka, ndinaona chinsalu chija kuseri kwa chipata, akavalo akupuma utsi. Azakhali anandidalitsa pamphumi osandiyang'ana m'maso. Phula limene ndinali nditasungunula linauma mumphika.

Ulendo uno ngolo inakwera phiri, mawilo akulira pamiyala. Linali linga la pathanthwe, kumalire kwa dziko la Thimo, ndipo mwini wake, a Dedo, anali mdani wa banja lathu kuyambira nthawi ya bambo. Ine ndinali mtendere wawo. Nditatsika ndinayang'ana pachipata kufuna mayi woti andigwire manja kapena andiimbitse, koma panalibe. Panali asilikali, agalu, ndi antchito atayima mwakachetechete akundiyang'ana. Ndinachedwa kuzindikira kuti akudikira ine ndilankhule. Mayi wa pachipata ndinali ine.

A Dedo anali munthu wamkulu thupi, wa imvi m'ndevu, wolankhula mochedwa ngati mawu akuwatunga m'chitsime. Mkazi wawo woyamba anamwalira n'kuwasiyira mwana wamwamuna, Ekbert, amene anali wodzalowa m'malo. Sanandimenyepo. Sanandifunseponso ngati ndimafuna kubwera. Pakhomo pawo ndinaphunzira kudyetsa linga lonse m'nyengo imene nthaka yauma ndi chisanu: kupha nkhumba masamba akayoyoka, kuthira nyama mchere ndi kuiwamba, kupisa dzanja m'tirigu kuti ndimve ngati wayamba kutentha, kufulula mowa, kutsuka mabala a amuna obwera kunkhondo. Ndinabala ana aamuna, koma sanakhalitse. Anawaika pansi pa tchalitchi, pafupi ndi mkazi woyamba uja, ndipo pa Misa ndinkasamala poponda.

Kenako anabadwa Eilika. Ameneyu anakhala. Anali mwana wamakani, wokana nsapato, woseka mokweza mpaka a Dedo kumatembenuka kudabwa kuti phokoso lotere lalowa bwanji m'nyumba yawo. Ankanditsatira kunkhokwe, kukhitchini, kuchitsime, atagwira m'mphepete mwa chovala changa, ndipo ndikayima mwadzidzidzi ankadzagunda miyendo yanga. Masiku amenewo ndinasiya kuyang'ana pazenera.

Ndiye m'dziko munadzuka mafumu awiri, aliyense akuti ufumu ndi wake. Thimo anatsata ina, a Dedo inzake. Mtendere umene unali ine unatha ine ndikadali moyo. M'mawa wina tinaona mahema atadzaza m'chigwa kumunsi kwa thanthwe, ndi mbendera zimene ndinkazidziwa kuyambira ubwana. Anatizinga. Nyama inatha, tirigu anachepa, chitsime chinayamba kutulutsa matope. Ndikalowa m'chipinda anthu ankasiya kulankhula. Amayi omwe ndinawathandiza pochira, amuna omwe ndinawamanga mabala, onse anakumbukira nthawi imodzi kuti ndine mlongo wa Thimo.

A Dedo anandiitana n'kunena kuti nditsike ndikalankhule naye, poti iwo sangawamvere koma ine ndi magazi ake. Ananditsegulira kachitseko ka pachipata. Aka kanali koyamba kutuluka m'linga ndi miyendo yanga, ndipo ngakhale njala inali itandifooketsa, ndinaona udzu, timaluwa tachikasu m'ming'alu ya thanthwe, buluzi akuwothera dzuwa. Ndinachita manyazi kuti ndikuziona.

Thimo ndinamupeza m'hema, tsitsi litayamba kuyera. Anandikumbatira, analira, anaitanitsa buledi ndi vinyo n'kukhala akundiyang'ana ndikudya. Anandifunsa ngati a Dedo amandisunga bwino. Nditakhuta ndiye anafotokoza. Kum'mawa kunali mwini linga wina amene anamuthandiza ndi asilikali, ndipo anamulonjeza mkazi wa m'banja lathu woti adzakwatiwe ndi mwana wake. Koma Thimo anali ndi ana aamuna okhaokha. Anati Eilika akaperekedwa, mahema onse achoka. Akapanda kuperekedwa, adikira mpaka chipata chitseguke chokha, ndipo za amuna a m'katimo sangalonjeze kanthu.

"Achimwene, mwanayo ndi wamng'ono. Amagonabe pamsana panga."

"Iwenso unapita uli choncho. Taona, suli moyo?"

"Tengani ine."

"Iwe ndinakupereka kale, mlongo wanga. Mwamuna wako akadali moyo. Ndingakupereke bwanji kawiri?"

Ndinakwera thanthwe ndi mawu amenewo, ndinatsikanso ndi ena, ndinakweranso. Ndinaphunzira ntchito yonyamula mawu pakati pa amuna awiri osafuna kuonana: kuchotsa minga, kusiya chipongwe m'njira, kufikitsa chokhacho chimene munthu angameze. Ndinapempha kuti adikire mwana akule. Ndinapempha kuti atenge dambo lija ndi chigayo chake. Ulendo uliwonse zopempha zanga zinkachepa, mpaka ndinatsala ndikupempha kuti ampatse bulangeti lochindikala m'njira. A Dedo anamvetsera zonse atayima pabwalo, akuyang'ana asilikali awo otupa miyendo atatsamira khoma. Anangogwedeza mutu kamodzi n'kulowa m'nyumba.

Eilika ndinamusambitsa ndekha, ndinamuveka nsapato, sanakane. Ndinamuuza kuti akafika apereke manja kwa mayi amene adzapeze pachipata, ndipo ayankhe zokhazo zimene wafunsidwa. Chinsalu cha ngolo ndinamanga ndine. Pangodya imodzi ndinamanga mofooka dala, kuti mphepo ikachikupiza azionako njira. Msilikali wina wa Thimo anaona, n'kubwera mwaulemu kudzamangitsa.

Mahema anachoka. Anthu a m'linga anayambanso kundilankhula, ena mpaka kundipsompsona m'manja. Ndinapitiriza kuthira nyama mchere. Ine ndi a Dedo tinakhala limodzi zaka zina, tikudya patebulo limodzi, osatchula dzina la mwanayo. Chifuwa chinawatenga m'nyengo ina yachisanu. Ekbert anabweretsa mkazi, ndipo ndinapezeka nditayima pachipata, ngolo ikutseguka, kamtsikana kakutsika kakuphethira ndi kuwala. Ndinakagwira manja. Anali ozizira. Ndinafuna kunena china, koma chimene chinatuluka n'chakuti nkhokwe ili kumanzere.

Anandipatsa chipinda pamwamba pa khola la akavalo. Ndinakhala m'menemo kudikira ngolo, poti mkazi wamasiye wokhala ndi dambo ndi chigayo sakhala nthawi yaitali osaperekedwa. Koma ngolo sinabwere. Patapita nthawi ndinamva kwa wogulitsa mchere kuti Thimo anamwalira, ndipo pampando pali mwana wake, amene sanandionepo. Dambo lija Ekbert anali atangolitenga mwakachetechete. Zimene ndinapempha m'madambo muja zinachitika tsitsi langa litayera: anandiiwala.

Tsiku lina pansi pa thanthwe panadutsa anthu a paulendo wa mapemphero, akuimba. Ndinafunda chofunda chotuwa cha wantchito, ndinatsika, n'kulowa pakati pawo. Mlonda wa pachipata anandiyang'ana ngati akuyang'ana nkhuku ikutuluka.

Za zaka za m'njira sindingathe kuzilongosola bwino, poti midzi inkafanana. Uliwonse unali ndi chitsime, tchalitchi chaching'ono, ndi mayi wina wotunga madzi amene ndikafunsa za kum'mawa ankaloza ndi chibwano. Anzanga a mapemphero aja anakhota kulowera kum'mwera, ine ndinapitirira. M'tauni ina yonunkha zikopa ndinakhala ndi amayi amene ankakhala pamodzi popanda amuna, ndipo anandiphunzitsa kusambitsa maliro, kumanga chibwano, kutseka maso a munthu amene sunamudziwepo. M'mudzi wina ndinasamalira njuchi za munthu mpaka nyengo yofula inatha. Pamtsinje wina waukulu ndinathandiza wowolotsa anthu kukapa madzi m'bwato, iye n'kundiwolotsa. Ndinaphunzira kupempha buledi osatsitsa maso kwambiri, kugona m'nkhokwe za udzu, kukulunga mapazi ndi nsanza. Mapaziwo anang'ambika, anapola, anauma ngati chikopa.

Palibe anandifunsa kuti ndine mlongo wa yani. Ankandiitana kuti amayi, kapena agogo, kapena iwe apo. Njira ndinkaiona yonse, mbali zonse, mpaka pamene yakumana ndi thambo. Ndikafuna kukhala pansi pa mtengo ndinkakhala. Ndiyenera kunena zoona: panali masiku amene ndinkadzuka osaganiza za Eilika n'komwe, ndikungoganiza kuti kuseri kwa chitunda icho kuli chiyani. Koma miyendo inkapitabe kum'mawa. Kalankhulidwe ka anthu kankasintha pang'onopang'ono, mapiri anatha, ndinalowa m'dziko lathyathyathya la mchenga ndi mitengo ya paini.

Linga limene Eilika anakwatiwako linali pakati pa chigwa, theka miyala theka mitengo. Ndinafika tsiku logawa buledi kwa osauka, ndipo ndinayima pamzere ndi anzanga. Wogawayo anali mayi wamtali, wowongoka msana, wa nkhope ya a Dedo, ana atamuzungulira. Sankaseka. Atafika pa ine ndinatambasula manja, n'kutchula dzina lake mmene tinkalitchulira kwathu. Anayima. Buledi anali m'manja mwake, anamufinya mpaka zala zinalowa. Kenako anatembenukira wantchito n'kulamula, m'kalankhulidwe ka kumeneko, kuti abweretse madzi ofunda osambitsa mapazi a mayi awa.

Mwamuna wake, a Burkhard, anali munthu wansangala, wofiira nkhope. Ubale wawo ndi banja la kwathu unali utaphwasuka kale, ndipo panthawiyo ankalimbirana nkhalango ina ndi mwana wa Thimo. Atamva pa chakudya kuti ndine yani, anaseka mpaka kugunda tebulo. Anati Mulungu ndi wabwino, azakhali a mdani wawo abwera okha ndi miyendo yawo. Analamula kuti andisunge bwino m'chipinda chapamwamba pa nsanja, ndisasowe moto kapena chakudya, koma ndikhale chikole mpaka mwana wa mlongo wanga asiye nkhalangoyo. Anatumiza mthenga kumadzulo. Kiyi wa chipindacho anapatsa mkazi wawo.

Masitepe anali omwe aja ozungulira. Zenera linali lokwana nkhope imodzi, ndipo linapenya kumsewu.

Eilika ankabweretsa yekha chakudya. Poyamba ankangochiika patebulo, kufunsa ngati nkhuni zilipo, n'kutuluka, ine n'kumva kiyi akutembenuka. Kenako anayamba kumakhala pang'ono, atayima pafupi ndi chitseko. Kenako ankabwera ndi zosoka zake. Tinkalankhula za tirigu, za chifuwa cha mwana wake wamng'ono, za mmene amawambira nyama kuno. Za thanthwe lija sitinkanena. Nthawi zina ndikatukula mutu ndinkapeza akundiyang'ana, singano ili m'malere, ngati munthu woyang'ana nyumba imene anauzidwa kuti anabadwiramo. Ndinkakondwa akabwera. Akachoka ndinkapita pazenera. Mapazi anga anayamba kufewa, chikopa chija chikusupuka, ndipo ndinkawasisita ndi chisoni chimene sindikanauza munthu.

M'mawa wina, a Burkhard atapita kumalire ndi asilikali awo, ndinaona mthenga uja akubwera pamsewu, kavalo atatopa. Eilika anamuchingamira pabwalo. Analankhula nthawi yaitali, awiriwiri. Kenako ndinaona akumupatsa kavalo wina ndi thumba la kamba, ndipo munthuyo anatulukanso, kulowera kumpoto.

Atakwera kudzandipatsa chakudya, ndinamuuza kuti mthenga ndamuona. Anaika mbale patebulo pang'onopang'ono. Anati msuweni wake, mwana wa Thimo uja, wayankha kuti alibe azakhali. Mlongo wa bambo ake anamwalira kale ku linga la pathanthwe, mpaka anamuchitira Misa, ndipo nkhalamba imene a Burkhard agwira achite nayo zimene akufuna.

Ndinaseka pang'ono, osafuna. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Chikole chopanda mwini sachisunga. Ndipo a Burkhard sakanalola m'bale wa mdani wawo kukhala pakhomo ngati mlendo, kumadya nawo ndi kumva zokamba zawo. Akanandipatsa buledi ndi nsapato n'kunditulutsa pachipata.

"Ndiye kuti andimasula," ndinatero.

"Akamva."

"Suwauza?"

"Mthengayo ndamutuma kwa abale ake, kutali. Ndiwauza kuti msuweni wanga akuganizabe."

"Mpaka liti, mwana wanga?"

Anapita pazenera, anayang'ana kunja, ndipo kwa kanthawi ndinkaona msana wake wokha.

"Ndakuonani mmene mumauyang'anira msewuwu, amayi. Akakutsegulirani mupita, ndipo simucheuka." Anatembenuka. "Aliyense anakhala nanu nthawi yake. Amalume anakhala nanu, bambo anakhala nanu, ngakhale anthu a m'njira amene sakudziwani dzina. Ine ndinakhala nanu pang'ono. Sindikupemphani. Ndikungokuuzani."

Ndikanatha kumuuza kuti ndikanakhala pafupi, m'mudzi wa kunja kwa linga, ndikanamabwera tsiku la buledi. Sakanakhulupirira, ndipo inenso sindikudziwa ngati zikanakhala zoona. Anapita pachitseko, ndinaganiza kuti akutuluka. Koma anachitseka iye ali m'kati, anatembenuza kiyi, n'kumuika pachifuwa. Anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi mapazi anga, mayi wamkulu wa ana ake, n'kutsamiritsa mutu pamaondo panga. Unali wolemera. Ndinachotsa nsalu ya kumutu kwake ndipo ndinapeza kuti imvi zayamba. Tinakhala choncho mpaka chakudya chinazizira.

A Burkhard anabwera masamba atayamba kuyoyoka. Anakwera okha masitepe, akupuma mwawefuwefu, n'kukhala pabedi panga ngati mlendo. Anandifunsa za thanzi, ngati moto ukukwana. Kenako anati mkazi wawo akuti yankho silinabwere, koma mlonda wina akuti anaona ngati mthenga nthawi ya zokolola. Anati inu amayi mumakhala pazenerapo tsiku lonse, palibe chimadutsa pamsewu osachiona. Eilika anali atayima pachitseko, manja ali m'chovala, nkhope ili phee.

Kunja kunali dzuwa. Msewu unali wouma, wabwino kuyendamo, ndipo patali panali anthu awiri ndi bulu akulowera kumadzulo.

"Maso anga anatha, bambo," ndinatero. "Sindinaone munthu."

Anagwedeza mutu, anati tidikirabe, n'kutsika. Eilika anatola mbale, anandiyang'ana kamodzi, n'kutuluka. Ndinamva kiyi. Ndili momwemo mpaka lero, ndipo mawa m'mawa abweranso ndi chakudya.